Banja la mwana wanga latha ku UK, nanga viza yake?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi anapita ku Leeds zaka ziwiri zapitazo pa viza ya ukwati. Mwamuna wake ndi nzika ya Britain, ndipo ali ndi mwana wa chaka chimodzi amene anabadwira komweko. Mwezi watha anachoka pakhomo, pano akusungidwa ndi mnzake wa kumpingo. Akuti bamboyo ankamulanda malipiro, kumubisira pasipoti ndi kumuopseza kuti akamuneneza kuti athamangitsidwe. Ankhoswe kuno akuti abwere kaye tikambirane. Kodi mapepala ake athera pomwepa? Ine Mayi wodandaula, Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Pepani Mayi. Mapepala sanathe, koma masiku ayamba kuchepa. Tiyambe ndi mawu a ankhoswewo: mwana wanu asakwere ndege pakali pano. Viza ya ukwati imadalira kuti awiriwo akhale akadali limodzi, kalata ya ukwati payokha siikwanira, choncho pobwerera atha kumukaniza kulowa. Komanso munthu akapereka pempho ku Home Office (unduna wa ku UK woona za maviza) n'kutuluka m'dzikomo yankho lisanabwere, amationa ngati pempholo walisiya. Ankhoswe akambirane naye pa WhatsApp, mwambo sulephereka chifukwa cha mtunda.

Lamulo limafuna kuti banja likatha Home Office idziwitsidwe, ndipo sadikira kuti khothi lithetse ukwati. Viza yoyamba ya amene wachokera kunja imakhala ya miyezi 33, koma ikamva kuti apatukana, Home Office kawirikawiri imaidula n'kusiya masiku 60 okha. Apa ndi pomwe ambiri amagwera m'mbuna. Kalata yodula viza imapita ku adiresi kapena imelo imene ili m'mabuku awo, yomwe nthawi zambiri imakhala ya mwamuna poti ndiye anadzaza mafomu. Lero lomwe alowe mu akaunti yake ya pa intaneti ya UKVI (nthambi ya maviza ya Home Office), momwe muli eVisa, yomwe ndi viza yake ya pa intaneti, asinthe imelo, nambala ya foni ndi adiresi.

Pa zimene mwalemba, njira yoyamba kuiganizira ndi ya ochitiridwa nkhanza m'banja. Musati poti sanamenyedwe ndiye kuti palibe nkhani. Lamulo la kumeneko la 2021, Domestic Abuse Act, limati kulanda munthu ndalama, kumulamulira mopondereza ndi kumuopseza ndi nkhanzanso. Ayambe wapempha chilolezo chotchedwa MVDAC. Ndi chaulere, chimapereka miyezi itatu yokhala m'dziko, ndipo chimamulola kupempha thandizo la boma la ndalama ndi pogona, zomwe viza ya ukwati siilola. Koma achenjere: chikaperekedwa chimalowa m'malo mwa viza yakale ija, ndiye miyezi itatuyo isanathe ayenera kukhala atapempha chilolezo chokhaliratu, chimene ambiri amangoti ILR. Pa njira imeneyi sadikira zaka zisanu monga amachitira a viza ya ukwati. Mtengo wake umaposa mapaundi 3,000, koma amene wasonyeza kuti alibe pogwira amamukhululukira.

Zonse zagona pa umboni woti banja latha chifukwa cha nkhanzazo. Sikuti mpaka mwamunayo achite kumangidwa ayi. Chofunika ndi lipoti la polisi ngati anakadandaulako, kalata ya dokotala wake, kalata ya bungwe losunga amayi othawa nkhanza, chiletso cha khothi choti bamboyo asamuyandikire, ndi mapepala a kubanki osonyeza malipiro akulowa lero n'kusamutsidwa mawa lake. Mauthenga oopseza aja asawafufute ndi mkwiyo. Awajambule, tsiku ndi nambala ya wotumiza zikuoneka bwino, atumize kwa munthu amene amamudalira. Ngati sanauzepo aliyense, ayambe tsopano: nambala ya 0808 2000 247, yothandiza ochitiridwa nkhanza m'banja, ndi yaulere usana ndi usiku, ndipo pa milandu ya mtundu uwu boma limatha kumulipirira loya.

Njira yachiwiri ndi mdzukulu wanuyo. Mwana wobadwira ku UK bambo ake ali nzika naye ndi nzika, choncho mayi ake atha kupempha viza ya kholo. Asonyeze kuti akulera mwanayo kapena amamuona mokhazikika, ndipo makalata a kuchipatala ndi a kumalo osungira ana okhala ndi dzina lake amathandiza. Imaperekedwa miyezi 30 nthawi iliyonse, ndipo pamwamba pa mtengo wa fomu pali ndalama ya zaumoyo, mapaundi 1,035 pa chaka. Akakwaniritsa za Chingerezi ndi zodzisamalira, ILR imabwera pakatha zaka zisanu, apo ayi khumi. N'chifukwa chake ifeyo tikuona kuti njira ya nkhanza ndiyo yomuyenera ngati umboni ulipo, iyi ikhale yodalira ikalephereka inayo.

Palinso viza ya ntchito, ngati abwana ake ali ndi laisensi yolembera anthu akunja ndipo malipiro afika pa mlingo wa boma. Anamwino savutika kwambiri, koma zaka zodikira ILR zimayambiranso pa ziro. Viza ya sukulu imadya ndalama zambiri, sitingamulimbikitse.

Njira iliyonse imene asankhe, pempho lilowe viza isanathe. Likalowa m'nthawi yake, amakhalabe movomerezeka mpaka yankho litabwera. Akapyola masiku opitirira 30 alibe mapepala, ngakhale atabwerera yekha ndi tikiti yake, amaletsedwa kulowanso kwa chaka.

Awerengi ena adziwe ziwiri. Amene anatsatira mwamuna kapena mkazi wa viza ya ntchito kapena ya sukulu amapeza miyezi itatu ya MVDAC, koma ILR ya ochitiridwa nkhanza siwakhudza. Ndipo mayi wa viza ya ukwati amene mwamuna wake anamunyengerera kuti tiyeni kwanu tikaone makolo, n'kumusiya kuno ku Lilongwe atamulanda pasipoti, kuyambira pa 31 January 2024 atha kupempha ILR ali konkuno.

Musatumize ndalama kwa madobadoba a pa Facebook olonjeza kukonza mapepala. Wothandiza mwana wanu akhale loya wovomerezeka kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, ndipo dzina lake ayambe walifufuza m'kaundula wawo pa intaneti asanapereke ngakhale paundi imodzi.