Funsani Dokotala: Kodi 2 wa pa botolo la okosijeni ndi wa chiyani?

FUNSO: A Dokotala, mwezi wa June amayi anga anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndipo anakhala masiku anayi pa okosijeni. Ndikuwadikirira, maso anga ankangogwera pa botolo lachitsulo lija, pamene panalembedwa O2. Kodi 2 ameneyu ndi wa chiyani? Ndafunsa chifukwa atatuluka, munthu wina wabwera kunyumba ndi kamakina kotulutsa O3, akuti ndi okosijeni wamphamvu kuposa wa kuchipatala poti nambala yake ndi yaikulu. Tigule? Ndine wowerenga wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Musagule, ndipo amayiwo asapume mpweya wa kamakinako. Koma tiyambe ndi 2 uja.

Chinthu chilichonse chimapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. Atomu ya okosijeni ili ndi tizidutswa tina tating'ono kwambiri totchedwa maelekitironi, tokwana 8: awiri mkati ndipo 6 kunja. Kuti ikhazikike, kunjako kumafunika 8. Ndiye kuti ikuperewera awiri, ndipo siikhala phee mpaka itawapeza. Ikakumana ndi inzake, yomwe nayonso ikuperewera awiri, iliyonse imaika awiri pakati, ndipo anayi apakatiwo iliyonse imawayesa ake. Zili ngati alimi awiri a ku Katete, aliyense ndi ng'ombe imodzi. Imodzi siikoka pulawo bwino, choncho amazimanga pajoko limodzi, minda yonse iwiri n'kulimidwa ndi ng'ombe ziwiri. Mgwirizano wa maatomu awiriwo ndi wolimba kwambiri, n'chifukwa chake okosijeni wa mumpweya amayenda awiriawiri. Ndiye O2 uja. Wasayansi wa ku Italy, Amedeo Avogadro, anazitulukira kale mu 1811, asanaone atomu ndi imodzi yomwe.

Mpweya umene mukupuma panopa uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100. Magawo 78 ndi nayitirojeni, amenenso amayenda awiriawiri. Mapapo akadwala chibayo amalephera kutapa zokwanira pa 21 ameneyu, ndiye timawapatsa okosijeni wochuluka. Okosijeniyo ndi yemweyo wa panja, kungoti wosasakanikirana.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi chakuti thupi linapangidwa molingana ndi awiriwa. M'magazi muli himogilobini, chimene chimawafiiritsa. Himogilobini iliyonse ili ndi mipando inayi ya ayironi, ndipo mpando uliwonse umanyamula O2 mmodzi, osawalekanitsa. Kachipangizo kaja anamwino ankapanitsa pachala cha amayi kamayeza kuti mipando yodzaza ndi ingati pa 100. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba. Maatomu awiri a O2 aja amakalekanitsidwa atafika m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, mosamala, pamene amaphatikizidwa ndi maatomu a mtundu wina otchedwa hayidirojeni n'kusanduka madzi. Pamenepo mpamene nsima imene mwadya imatulutsa mphamvu yake.

Tsopano O3. Dzina lake ndi ozoni. Atomu yachitatuyo ili ngati ng'ombe yongomangirira pambali pa joko: chingwe chake n'chosalimba, imadula n'kugunda chilichonse chimene yakumana nacho. M'madzi imapha tizilombo, n'zoona, ndipo kumwamba kwenikweni ozoni amatitchingira cheza choopsa cha dzuwa. Koma m'chifuwa, chimene imakumana nacho ndi khungu lofewa la m'njira za mpweya. Imaliwaula. Munthu amatsokomola, pakhosi pamakanda, chifuwa chimathina, ndipo wa mphumu amabanika. Himogilobini ilibenso mpando wa O3. Kwa mapapo amene angochira kumene chibayo, ndi ngati kuthira tsabola pachilonda.

Popeza mwatchula June, pali mpweya wina umene umandidetsa nkhawa kuposa ozoni. Kukazizira, ambiri timalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo. Makala akamayaka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, wopanda fungo ngakhale mtundu. Ameneyu amakakamira pa mipando ya himogilobini ija mwamphamvu kuposa O2 nthawi zoposa 200. Munthu amamva mutu, chizungulire, tulo, ndipo ena sadzukanso. Choipa china, kachipangizo ka pachala kaja kamapusitsika, kamaonetsa nambala yabwino munthu ali pangozi. Amayi asagone ndi mbaula m'chipinda, ngakhale makalawo aoneke ngati azilala.

Amalize mankhwala onse amene anapatsidwa, azidya ndi kumwa madzi mokwanira. Mukaona akupuma mothamanga ali chikhalire, akulephera kumaliza mawu chifukwa cha befu, milomo kapena lilime zasintha mtundu, thupi latenthanso kapena ayamba kusokonezeka mutu, musadikire kuti kuche. Bwererani nawo kuchipatala usiku womwewo, mutatenga kadi lawo.