Amalume, sankhani Access Point

Amalume, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulupa, ndiye ndati ndingoyankhula, kulemba ndichedwa. Mwati mwagula rauta yachiwiri ya TP-Link kuti WiFi izifika kuzipinda zakuseri zomwe mukuchititsa lendi ana a ku Chanco, ndiye ikufunsa kuti musankhe Router, Access Point kapena Range Extender.

Sankhani Access Point, basi.

Onani, rauta ya m'nyumba yaikulu ija, yomwe muli SIM khadi, ndiyo imagawira foni iliyonse adiresi yake. Ntchito imeneyo amati DHCP. Yatsopanoyo mukaiika pa Router, nayonso iyamba kugawa zakezake, ndiye pakhomo limodzi pakhala manetiweki awiri. Intaneti iyenda ndithu, koma laputopu ya kuseri izivutika kupeza pulintala ya pabalaza. Pa Access Point imasiya zonsezo, imangolandira intaneti pa waya n'kumamwaza WiFi.

Range Extender ndikudziwa ndi imene ikukukokani mtima chifukwa sifuna waya. Koma amalume, chonde ayi. Imeneyo imamvetsera kaye rauta yoyamba kenako n'kubwereza, pa wailesi imodzi yomweyo, ndiye liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Ndiye muganizire makoma a njerwa zootcha aja, ndi malata pamwamba. Chofika kuseriko ndi chotopa kale, ndipo anawo amafuna kukopera manotsi ndi kuonera mavidiyo a maphunziro usiku, onse nthawi imodzi. Azikugogoderani tsiku lililonse.

Gulani waya wolumikizira marauta awiriwa, wa mtundu wa Cat6. Umatha kuyenda mpaka mamita 100 osafooka, pamene panu paja sipakwana n'komwe 30. Muulowetse mu paipi ya pulasitiki n'kukwirira, usamalendewere pa mtengo wa mango uja. Mvula ya kuno kunsi kwa phiri mukuidziwa, ziphaliwali zikayamba muzizula mawayawo.

Kukonza kwake: lumikizani foni ku rauta yatsopanoyo, pa browser lembani tplinkwifi.net, pitani pa Operation Mode, dinani Access Point, Save. Izima n'kuyakanso yokha, musadandaule. Wayayo achoke pa bowo lolembedwa LAN pa rauta yaikulu. Pa WiFi ya 2.4 GHz, rauta imodzi muiike pa channel 1, inayo pa 11, kuti zisamasokonezane. Chitetezo chikhale WPA2, pasiwedi yosachepera zilembo 8, koma ine ndingakonde yotalikirapo, ku Chikanda nyumba n'zoyandikana kwambiri.

Eya, ndisanaiwale, bandulo ndi imodzi yomweyo. Mukambirane nawo anawo za kusonkha ndalama zinthu zisanayambe.

Loweruka m'mawa nditsika kuchokera ku Matawale ndi chopanira mitu ya waya. Inu mungoyeza mtunda kuchokera pabalaza kufika chipinda chapakati, mundiuze lero. Mupereke moni kwa azakhali.