Mafunso a Owerenga: Kuphunzitsa Ana Kusunga Ndalama

Funso: Mwana wanga ali ndi zaka 6. Akangolandira kandalama, tsiku lomwelo katha ndi maswiti. Kodi sanachepe kuti ndiyambe kumuphunzitsa kusunga? (Mayi wa ana awiri)

Yankho: Sanachepe ayi, Mayi. Mwana amene amatha kuwerengera mpaka 20 angathe kuyamba. Pezani mabotolo atatu ooneka mkati, pakuti kwa mwana wa msinkhu uwu ndalama yosaoneka ndi yoti kulibe. Loyamba likhale la zogula nthawi iliyonse, lachiwiri losungira, lachitatu lothandizira ena. Muzimupatsa chenji, osati pepala limodzi lalikulu, kuti agawe yekha ndi manja ake. Pa magawo khumi, asanu ndi limodzi apite m'botolo loyamba, atatu m'lachiwiri, limodzi m'lachitatu.

Pamene makolo ambiri amaphonya ndi pa cholinga. Kumuuza mwana kuti "sunga, zidzakuthandiza ukadzakula" n'kutaya malovu, chifukwa kwa iye ngakhale mwezi wamawa uli kutali. Asankhe yekha chinthu chimene angachikwanitse pa masabata atatu kapena anayi, mumate chithunzi cha chinthucho pa botolo losungira, ndipo Loweruka lililonse muwerenge naye zomwe zilimo ndi zomwe zatsala. Chinthucho chisakhale nsapato za kusukulu kapena makope. Zimenezo ndi udindo wanu, ndipo mwana akaona kuti kusunga kwake kumangokupeputsani inu katundu, amasiya.

Funso: Zikandivuta ndimabwereka ndalama zomwe mwana wanga wasunga, ndipo nthawi zina ndimaiwala kubweza. Tsopano akalandira ndalama amathamangira kukagula zinthu. Chamulowa n'chiyani? (Bambo wodandaula)

Yankho: Bambo, mwanayo palibe chamulowa, wangowerengera bwino. Waona kuti ndalama yosunga imapita, yodya ndiye yake. Ofufuza a pa yunivesite ya Rochester ku America anayesapo zimenezi pa ana 28 a zaka zapakati pa 3 ndi 5. Ena anawalonjeza zojambulira zabwino n'kuwabweretseradi, ena anawalonjeza koma osabweretsa. Kenako mwana aliyense anapatsidwa switi imodzi, n'kuuzidwa kuti akadikira osadya alandira yachiwiri. Omwe lonjezo linakwaniritsidwa anadikira pafupifupi mphindi 12, onamizidwa aja mphindi zitatu zokha. Kudziletsa kwa mwana kumadalira kwambiri kukhulupirika kwa wamkulu.

Yambani ndi kubweza zonse zomwe mukukumbukira, iye akuona. Mukadzapanikizikanso, mupempheni ngati mmene mungapemphere munthu wamkulu: muwerengere limodzi, mulembe m'kakope tsiku, ndalama yake ndi tsiku lobweza, nonse musayine. Pobweza onjezerani gawo limodzi pa magawo khumi. Pamenepo waphunzira chiwongoladzanja popanda choko ndi bolodi. Akakana kubwereketsa, musamukalipire.

Funso: Mtsikana wanga wa zaka 14 ndimamupatsa ndalama ya sabata yonse, koma pofika Lachitatu yathera mayunitsi ndi mabandulo a intaneti, ndiye amabwera kudzapempha ina. Ndimupatse? Nanga ndiyambe kumulipira akagwira ntchito zapakhomo? (Mayi wotopa)

Yankho: Musamupatse, Mayi, ngakhale mtima ukuwawa, bola chakudya ndi ulendo wa kusukulu zisakhale mbali ya ndalamayo. Masiku anayi opanda bandulo sapha munthu, ndipo n'kwabwino alakwitse panopa ndi ndalama yochepa kusiyana n'kudzalakwitsa ndi malipiro a mwezi. Mukamuonjezera kamodzi, waphunzira kuti ndalama ikatha pali kolirira.

Khalani naye pansi mugwirizane zinthu zimene ndalamayo ikuyenera kugula, ndipo tsiku lolandirira lisamasinthe. Kwa masabata awiri alembe chilichonse chomwe wagula, ngakhale chaching'ono bwanji, inu osadzudzula. Manambala adzamudzudzula okha. Chinthu choposa theka la ndalama ya sabata adikire masiku awiri asanagule, chifukwa chilakolako chambiri chimazilala chokha. Muphunzitseninso kugawa mtengo ndi kuchuluka kwa chinthu, aone ngati bandulo ya tsiku ndi tsiku sikumudyera zambiri kuposa ya sabata. Akakwanitsa miyezi itatu osapempha, yambani kumupatsa ya mwezi wonse.

Za malipiro, kutsuka mbale ndi kusesa asalipidwe, apo ayi tsiku lina adzakufunsani mtengo musanamutume. Lipirani ntchito yapadera yomwe mukanalembera munthu wina.

Funso: Ndalama za mwana zikachuluka, zikhalebe m'botolo? (Agogo)

Yankho: Ayi, Agogo. Mitengo ya zinthu ikamakwera, ndalama ya m'botolo imachepa mphamvu ngakhale palibe waikhudza. Mutsegulireni akaunti ya ana, koma funsani kaye ndalama zomwe banki imadula pamwezi, chifukwa zingathe kumeza chiwongoladzanja chonse. Muonetseni kasamu aka: gawani 72 ndi chiwongoladzanja cha pachaka, mupeza zaka zomwe ndalama ingatenge kuti ichuluke kawiri. Pa 8 peresenti ndi zaka 9. Kasamu komweko kamagwiranso pa kukwera kwa mitengo: zinthu zikamakwera ndi 24 peresenti pachaka, pa zaka zitatu ndalama yogonekedwa imagula theka la zomwe inkagula.