Mwana wanu ndi gulu la AKA ku Howard: imvani kaye mbiri yake

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwana wanu wamkazi amene akuphunzira pa Howard University ku Washington, m'dziko la America, akufuna kulowa gulu lotchedwa Alpha Kappa Alpha (AKA), ndipo zilembo zachilendozo zakuchititsani mantha kuti mwina ndi za satana. Ena muno athamangira kale kunena kuti mumuletse. Ine ndikuti dikirani kaye.

Gululi ndi la mtundu umene amautcha sorority, kutanthauza bungwe la atsikana a pa koleji, ndipo nthambi yake pa sukulu iliyonse amaitcha chapter. Zilembozo ndi za Chigiriki basi, chilankhulo chomwe analembera Chipangano Chatsopano. Nthambi ya ku Howard ndiyo inabereka zinzake zonse, n'chifukwa chake imatchedwa Alpha Chapter, poti Alpha ndi chilembo choyamba cha Chigiriki.

Inayamba pa 15 Januwale 1908 m'nyumba yogona atsikana ya Miner Hall, pamene Ethel Hedgeman anasonkhanitsa anzake asanu ndi atatu. Taganizani nthawiyo. Ukapolo unali utatha mu 1865, agogo awo ambiri anali atagulitsidwapo ngati mbuzi, amayi sankavota m'madera ambiri, ndipo magulu a atsikana achizungu sankalandira munthu wakuda. Howard inali imodzi mwa sukulu zotsegulidwira anthu akuda, monga Meharry kumene Kamuzu anaphunzira udokotala. Atsikanawa anaona kuti akapanda kugwirana manja okha palibe adzawagwira. Mtsogoleri wawo woyamba, Lucy Diggs Slowe, anadzakhala woyang'anira ophunzira aakazi woyamba pa Howard pomwepo mu 1922.

Musaganize kuti zonse zinali mwamtendere. Kumapeto kwa 1912 atsikana ena m'nthambiyi anafuna kusintha dzina ndi mitundu ya gulu, komanso kuti lizilowerera kwambiri pa nkhani za ufulu. Nellie Quander, yemwe anali atamaliza kale maphunziro, anakana kwamtuwagalu, nathamanga kukalembetsa bungwelo ku boma pa 29 Januwale 1913. Apo n'kuti atsikana 22 ofuna kusinthawo atachoka kale n'kuyambitsa gulu lina lotchedwa Delta Sigma Theta, ndipo pa 3 Malichi chaka chomwecho anali pamsewu ku Washington pa ulendo wa amayi ofuna ufulu wovota. Ine mkangano umenewu ndimaukonda, chifukwa mbali zonse zinali ndi mfundo, ndipo m'malo mwa gulu limodzi panatuluka awiri amphamvu omwe alipo mpaka lero.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Mississippi. Kuyambira 1935, chilimwe chilichonse, amayi a AKA motsogozedwa ndi Dr. Dorothy Ferebee wa ku Howard ankapita kukathandiza anthu akuda olima thonje m'minda ya azungu, anthu amene moyo wawo unali ngati wa thangata kwathu kuno. Anakonza malo oti anthu azibwera kudzalandira chithandizo, koma eni minda anakaniza antchito awo kuchoka. Amayiwo sanabwerere kwawo. Anapakira mankhwala m'magalimoto awo n'kumalondola anthuwo kuminda komweko, kumabaya ana katemera wa nthomba pansi pa mitengo ndi m'matchalitchi ang'onoang'ono. Amene munaonapo sikelo ya ana ikuchitikira pansi pa mtengo wa mango mukudziwa chimene ndikunena. Ntchitoyi inali ya bungwe lonse, osati nthambi ya ku Howard yokha, koma mbewu yake inachokera ku Miner Hall kuja. Inaima nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Kamala Harris, yemwe anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la America, analowa nthambi ya ku Howard yomweyi mu 1986. Mukaona amayi atavala pinki ndi zobiriwira, mikanda yoyera m'khosi, ndi iwowo. Yunifomuyo amainyadira monga amayi a Mvano amanyadira yawo, ndipo umembala ndi wa moyo wonse: amaperekezana pa ukwati, pa maliro, ngakhale pofuna ntchito.

Tsopano zoti muchenjere nazo, poti zilipo ndithu. Miyambo yawo yolandirira anthu atsopano ndi yachinsinsi, ndipo ngati chikhulupiriro cha banja lanu sichilola malumbiro otero, imeneyo ndi nkhani yoti mukambirane naye moona mtima. Choopsa chenicheni ndi nkhanza zimene amazitcha hazing, pomwe akale amazunza atsopano: kuwamana tulo, kuwatuma usiku, nthawi zina kuwamenya. Mabungwe a anthu akudawa anathetsa kalowedwe kakaleko mu 1990, koma ena amachitabe mobisa, ndipo m'magulu osiyanasiyana a ku America ophunzira afapo nazo. Ndalama nazonso si zochepa, pali yolowera ndi ya chaka ndi chaka.

Ndiye mukamuimbira, musayambe ndi kukalipa. Mufunseni chimene chamukopa, ndalamazo azitenga kuti, ndipo ngati mayeso akuyenda bwino, pakuti salandira munthu wolephera m'kalasi. Mumuuze kuti tsiku limene wina adzamugwire thupi kapena kumuuza kuti abise zinazake kwa inu, achokepo n'kukanena kwa akuluakulu a sukulu. Akaona kuti chaka chino zamuchulukira, khomo silitsekeka: alipo ambiri amene amalowa atamaliza digiri, kudzera m'nthambi za akuluakulu.