Starfish yanga yayoyoka, ndinalakwitsa pati?

FUNSO: Sabata yatha ndinagula starfish (kanyama ka m'nyanja yamchere kooneka ngati nyenyezi) yabuluu ya mtundu wa Linckia, shirimpi ziwiri zotsuka nsomba ndi nkhono zisanu. Majumbo ake ndinawayandamitsa pamwamba pa thanki yanga yowetera nsomba za m'madzi amchere kwa mphindi 20 ngati momwe ndimachitira ndi nsomba, kenako ndinakhuthula. Patapita masiku atatu miyendo ya starfish inayamba kuyoyoka ndipo shirimpi imodzi yafa. Nsomba zonse zili gwa. Chavuta n'chiyani? Ndine wowerenga wanu wodandaula.

YANKHO: Pepani kwambiri, anzanga. Inenso Linckia yanga yoyamba inapita chonchi, ndipo ndinadandaula sabata yathunthu.

Kuyandamitsa jumbo kumangofananitsa kutentha kwa madzi basi. Chomwe chinapha nyama zanu ndi kusiyana kwa mchere m'madzi. Nsomba ili ndi impso ndi ziwalo zina zowongolera mchere m'thupi, ndiye kusintha kwa madzi imakupirira. Starfish ilibe mwayi umenewo: mchere wa m'thupi mwake umangotsatira wa madzi omwe ilimo. Ogulitsa ena amasunga madzi awo pa muyeso wa mchere wa 1.021, pomwe thanki ya makorali (tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati miyala kapena zomera) imakhala pa 1.025 kapena 1.026. Pa pepala kusiyanako kumaoneka kochepa, koma mukasamutsa starfish kamodzin'kamodzi mnofu wake umavulala, ndipo choipa chake simuona tsiku lomwelo. Imayenda bwinobwino, mawa lake nkumayenda, kenako nkuyamba kugwa zidutswa.

Ine ndimachita chonchi. Ndimazimitsa magetsi a thanki, ndiyandamitsa jumbo mphindi 15, ndiyeza mchere wa m'jumbo ndi wa m'thanki ndi refractometer, kachida koyezera mchere m'madzi. Kenako ndimakhuthulira nyamazo ndi madzi ake m'kandowa koyera, nditenga kapaipi kopyapyala ka mpweya, ndimanga mfundo pakati, nkukoka madzi a m'thanki kuti azidontha m'kandowamo, madontho awiri kapena anayi pa sekondi. Madzi akachuluka kawiri ndimataya theka nkupitiriza, mpaka miyeso iwiri ija ifanane. Nkhono ndi shirimpi ola limodzi limakwana. Starfish ndimaipatsa maola awiri, osathamanga. Muzikhudzako kandowako, chifukwa madzi ochepa sachedwa kuzizira, pomwe afunika akhale pa madigiri 24 mpaka 26.

Koma pali msampha. Ngati jumbo lagona m'njira usiku wonse, m'madzimo mwadzaza amoniya wochokera ku zonyansa za nyamazo. Likadali lomanga, mpweya wa carbon dioxide umatsitsa pH (muyeso wa asidi m'madzi) ndipo amoniyayo savulaza kwenikweni. Mukangomasula, mpweyawo umathawa, pH ikwera, amoniya nkusanduka poizoni. Pamenepo kudonthetsa kwa maola awiri ndiye kupha. Zikatero ndimasakaniziratu madzi atsopano a mchere wofanana ndi wa m'jumbo, nkusamutsiramo nyamazo msanga, kudonthetsa kuyambire mmenemo.

Madzi a m'jumbo asalowe m'thanki. Simudziwa ngati munadutsa mankhwala a kopa, omwe amachiza nsomba koma shirimpi ndi nkhono amazipha. Starfish isamutseni ndi kapu ili m'madzi, ndipo mukadzagula siponji yamoyo ya m'nyanja musadzaitulutse pamphepo ngakhale pang'ono, chifukwa mpweya umatsekeka m'timabowo take.

Za nkhono zanu zisanu zija: kazizondeni lero. Ngati ndi za mtundu wa Astraea, ikagwa chagada pamchenga imalephera kudzitembenuza. Itembenuzeni ndi dzanja, muiike pamwala. Yomwe yatha masiku awiri osasuntha itulutseni muinunkhize, yakufa siibisika.