Musasamuke kaye, achemwali, Thunderbird yanu ikungofuna kuimangira malire

Achemwali, funso lanu ndinaliona usiku koma ndinati ndiyankhe m'mawa mutu uli bwino, chifukwa mwamangirira zinthu zambiri pamtolo umodzi. Mwati ku ofesi kwanu ku Chinamwali muli ndi Thunderbird, pulogalamu yolandirira ndi kutumizira maimelo, pa kompyuta ya patebulo, akaunti ndi ya Gmail, ndipo chiikireninso pulogalamuyi mwezi watha, bandulo ya mwezi wathunthu ikumatha sabata isanathe. Mwatinso maonekedwe asintha, mukufuna imelo izitha kudikira mpaka mawa 8 koloko, ndipo ena pagulu lino akuti mungopita ku Outlook, pulogalamu ya imelo ya Microsoft. Ine ndimakonza makompyuta a timaofesi ting'onoting'ono muno mu Zomba, kuyambira ku Matawale mpaka ku Domasi, ndipo Thunderbird ndalimbana nayo zaka zambiri. Ndikuti musasamuke kaye.

Tiyambe ndi bandulo, poti ndi pamene pakupweteka. Thunderbird ikalumikizidwa ndi Gmail kudzera mu IMAP, njira imene makalata amakhalabe pa seva (kompyuta ya Google yosunga maimelo), imafuna kukopera makalata onse a pa sevayo n'kuwasunga pa kompyuta yanu kuti muzitha kuwawerenga ngakhale intaneti palibe. Amene anaipanga choncho ankaganizira munthu amene intaneti yake siwerengedwa mamegabaiti. Ndiye inu mutaiikanso mwatsopano, yayamba kukoka zonse kuchokera chaka chimene ofesi inatsegula akauntiyo, malipoti, zithunzi za misonkhano, makotesheni osikana, zonse. Ikuchita zimenezi mwakachetechete inu mukutaipa kalata ina, n'chifukwa chake simukuona pamene data ikudontha.

Chitani chonchi. Pitani pa Account Settings, pansi pa dzina la akaunti yanu dinani Synchronization & Storage. Pamene palembedwa Synchronize the most recent, sankhani pamenepo n'kuika masiku 30. Pansi pake pali kabokosi ka Don't download messages larger than. Chongani n'kulembapo 200 KB kapena 300 KB. Makalata akuluakulu azionekabe pa mndandanda, mitu yake ndi amene watumiza, koma azitsika pokhapokha inu mwawatsegula. Kenako dinani batani la Advanced pamwambapo, muchotse chizindikiro pa foda ya All Mail, ya Spam ndi ya Trash. All Mail ndi nkhokwe ya chilichonse chimene chinalowapo ndi kutulukapo mu akauntiyo, ndipo palibe chifukwa choti nkhokwe yonseyo idutse pa bandulo yanu.

Koma apa tcherani khutu. Pa tsamba lomwelo, m'munsi pang'ono, pali gawo lina lofanana nalo lonena za kufufuta makalata akale. Limenelo lisiyeni pa Don't delete any messages. Mukasokoneza n'kuika masiku 30 pamenepo, Thunderbird ifufuta makalata akale pa kompyuta ndi pa seva pomwe, ndipo zalembedwa pomwepo m'Chingerezi, kungoti anthu sitiwerenga. Ndinaitanidwapo ku ofesi ina cha ku Mpondabwino kumene mnyamata wina wofuna kuthandiza anachita zimenezi Lachisanu masana. Lolemba mayi a ku akaunti akufuna kalata ya wopereka thandizo ya chaka chatha, kulibe. Tinapeza zina chifukwa Gmail imasunga za mu Trash masiku 30, koma thukuta limene linatuluka tsiku limenelo sindidzaliiwala. Mayiwo anangokhala pampando, chikwama chili pamiyendo, osayankhula ndi munthu mpaka makalata atayamba kubwerera.

Za maonekedwe sindichedwapo. Zinasintha ndi Thunderbird 115, imene anaitcha Supernova, mu Julayi 2023, ndipo 128 ya 2024 ndi 140 ya 2025 zinapitiriza njira yomweyo. Ngati makalata akuoneka ngati timakadi tikuluikulu, pamwamba pa mndandanda wa makalata kudzanja lamanja pali kabatani kakang'ono. Kadineni musankhe Table View, mizere yanu yakale ibwerera. Pa batani la timizere titatu mupeza Density, ikani Compact kuti pa sikirini pazikwana makalata ambiri, ndipo pomwepo pali Font Size ngati zilembo zachepa. Mzere wa File, Edit ndi View ukasowa, dinani Alt pa kiyibodi, utuluka. Mphindi ziwiri basi. Ngati kompyutayo idakali pa Windows 7, dziwani kuti 115 ndi yomaliza imene imagwira pamenepo, ndiye nkhani yake ndi ina.

Tsopano za kalata yodikira mawa. Apa ndi pamene anthu padziko lonse akhala akupempha, ndipo apa ndi pamene ine ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena. Thunderbird ya pa kompyuta ili ndi Send Later, koma si ija mukuganizayo. Mukamaliza kulemba, m'malo modina Send, dinani Ctrl, Shift ndi Enter pamodzi. Kalatayo ipita mu Outbox, pansi pa Local Folders, n'kukhala momwemo mpaka inu mutapita pa File n'kusankha Send Unsent Messages. Siyang'ana wotchi. Kuti iziyang'ana wotchi pali add-on (kapulogalamu kowonjezera mu Thunderbird) yotchedwanso Send Later, ndipo imagwira bwino ndithu, koma imafuna kuti pa nthawi imene mwaikayo kompyuta ikhale yoyaka, Thunderbird ikhale yotsegula, intaneti ilipo. Nanga muno, kompyuta ya patebulo yopanda batire, magetsi atazima 6 koloko m'mawa? Kalata ija ingogona mu kompyuta, inu muli ndi mtima woti inapita. Choncho kalata yofunika kuti ifike pa ola lake, monga ya tenda kapena lipoti la tsiku lomaliza, ilembeni mu Thunderbird, muisunge ngati Draft, kenako mutsegule Gmail pa foni kapena pa Chrome, muipeza mu Drafts momwemo, n'kugwiritsa Schedule send ya Gmail. Ikatero yakhala pa seva ya Google, imene sidikira magetsi a ku Chinamwali.

Koma Outbox ija musainyoze. Kwa ine ndi chida chabwino kuposa zonse mu pulogalamuyi. Masiku a mvula pamene netiweki imangobwera n'kuthawa, ndimapita pa File, Offline, Work Offline, n'kulemba mayankho onse khumi mtima uli m'malo. Onse amaunjikana mu Outbox. Netiweki ikabwera ndimayatsa hotspot pa foni, kutumiza onse kamodzi, kulandira atsopano, kuzimitsa. Bandulo imatha mwezi.

Ndiponso Outbox yomweyo ndi imene imalowa m'malo mwa Undo Send, kabatani ka Gmail kobweza kalata pasanathe masekondi 30, kamene anthu ambiri amakafuna mu Thunderbird. Ine ndinaphunzira movutikira. Ndinatumizapo kotesheni kwa kasitomala wina nditaiwala ziro mmodzi pa mtengo wa ma hard disk, ndipo anayankha mwachangu modabwitsa kuti "tavomera, bweretsani." Kuchokera tsiku limenelo kalata iliyonse ya ndalama imayamba yagona mu Outbox. Ndimapita kukamwa tiyi, pobwera ndiiwerenganso ndi maso ena. Ngati muli cholakwika, dinani kumanja pa kalatayo, Edit as New Message, konzani, n'kufufuta yakaleyo kuti zisapite ziwiri.

Kanthu kena kamene simunafunse koma mukakonda. Thunderbird imakukumbutsani mukaiwala kuphatikiza fayilo, koma imangomva mawu a Chingerezi monga attached. Ife timalemba zosakaniza. Pitani pa Settings, Composition, pa gawo la Attachments dinani Keywords, muwonjezere mawu amene inu mumalemba: ndaphatikiza, onani, kotesheni, risiti, lipoti. Mukadzalemba kuti "abwana onani lipoti" koma fayilo mulibe, idzakuimitsani musanatumize. Chimodzimodzi mizere yofiira pansi pa mayina athu: dinani kumanja pa Chingale kapena Mulunguzi, Add to Dictionary, siidzakuvutitsaninso.

Pa mafayilo pomwepo, Gmail imalola 25 MB pa kalata imodzi, koma fayilo ikamalowa mu imelo imafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha mmene imakutidwira. Ndiye PDF yaikulu ikhoza kukanidwa inu n'kumadabwa. Nthawi zambiri vuto limakhala pa sikana: munthu wasikana kalata ya masamba anayi ya zilembo zokhazokha pa 600 dpi, yamitundumitundu. Ikani 150 dpi, yakuda ndi yoyera, iwerengekabe bwinobwino ndipo wolandirayo ku Jali kapena ku Mayaka sadzakudandaulani kuti mwamuthera data.

Chimene ndikufuna muchite sabata ino, osati mwezi wamawa, ndi kukopera profile. Pakadafunda padajiwitsa galu. Zonse za Thunderbird, maakaunti, maadiresi a anthu, mafyuluta, makalata a mu Local Folders, zimakhala mu foda imodzi yotchedwa profile. Pitani pa Help, Troubleshooting Information, pa Profile Folder dinani Open Folder. Ikatseguka, tsekani Thunderbird kaye, kenako koperani foda yonseyo pa fulashi. Pa Tools pali Export imene imapanga fayilo ya zip, koma eni Thunderbird amachenjeza kuti profile ikapitirira 2 GB muzikopera ndi manja, ndiye ine ndimangokopera ndi manja nthawi zonse. Makalata a IMAP ali pa seva, inde, koma chilichonse chimene munakokera mu Local Folders chili pa hard disk imeneyo pokha. Ndipo fulashi imeneyi isakhale ija imazungulira m'mashopu opulinta m'tauni. Mu profile muli mapasiwedi anu. Ikaninso Primary Password pa Settings, Privacy & Security, makamaka ngati kompyutayo amakhalapo anthu angapo.

Mukadzaona kuti Thunderbird yayamba kulemera, dziwani kuti foda iliyonse imaisunga ngati fayilo imodzi yaitali, ndipo kalata mukaifufuta imangobisika, malo ake sabwerera mpaka mutachita File, Compact Folders. Chitani zimenezi nthawi imene magetsi akhazikika, osati mitambo itada pa phiri mphezi zikung'anima, chifukwa imakhala ikulembanso fayilo yonse. Foda ikamaonetsa mutu wina koma m'kati muli kalata ina, dinani kumanja, Properties, Repair Folder. Kungoti pa IMAP imakokanso makalata a fodayo, choncho musachite bandulo ili kumapeto.

Za ma add-on, ine ndimasunga ochepa kwambiri. Ena muno akuuzani kuti ikani Thunderbird Conversations kuti makalata azioneka ngati macheza a Gmail, ikani Quicktext ya mawu obwerezabwereza, ikani Mail Merge yotumizira anthu ambiri aliyense ndi dzina lake. Onsewa alipodi ndipo ndi abwino. Mail Merge ndinaigwiritsapo potumiza makalata oitanira anthu ku msonkhano. Koma ambiri amapangidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri pa nthawi yawo yopuma, ndipo Thunderbird ikasintha nambala ena amayamba atsalira. Mu 2020, itatuluka 78, ma add-on akale ambiri analeka kugwira chifukwa kapangidwe kake kanasinthiratu. Ofesi imene ntchito yake yonse yatsamira pa add-on imodzi imadzuka tsiku lina ili manja m'khosi. Ikani imene ikuchotsereni ntchito yeniyeni, zinazo zisiyeni.

Nanga Outlook? Si yoipa. Ngati ofesi yanu inalipira Microsoft 365 ndipo anzanu onse ali pa kalendala imodzi, pitani, simulakwa. Koma kwa ofesi ya akaunti imodzi ya Gmail, musamuka ndi mavuto omwewa: nayonso ikoka makalata mwatsopano tsiku loyamba, bandulo ina ipite. Kapulogalamu kakale ka Mail ka mu Windows 10 musakaganizire, Microsoft inasiya kukathandiza pa 31 Disembala 2024. Thunderbird ndi yaulere, imayendetsedwa ndi kampani ya MZLA pansi pa Mozilla Foundation kuyambira 2020, ndipo ndalama zake zambiri ndi zopereka za ogwiritsa ntchito. Kuyambira mu Okutobala 2024 ilinso pa Android.

Munafunsa ngati pali kumene munthu angakadandaule kuti awonjezere zimene tikufuna. Kulipo. Maganizo atsopano amalembedwa pa Mozilla Connect, kumene anthu amavotera zimene akuzifuna, ndipo zowonongeka zimalembedwa pa Bugzilla. Musayembekeze kuti mukalemba lero zisintha mwezi wamawa. Zina anthu akhala akuzipempha zaka. Komabe lembani, ndipo fotokozani mmene zilili kwathu kuno, kuti data timagula yowerengeka ndipo pulogalamu ikanamafunsa kaye isanayambe kukoka makalata a zaka khumi. Ine chimenecho ndi chimene ndikanapempha poyamba, ngakhale Undo Send isanabwere.

Mukakonza za Synchronization & Storage zija, tsegulani Tools, Activity Manager, muone ngati yasiya kukoka. Ngati ikupitirizabe, jambulani sikirini mutumize muno, koma bisani adiresi ya imelo ya ofesi musanatumize. Loweruka m'mawa ndimadutsa ku Chinamwali popita ku Songani, ndikhoza kupatuka kudzaiona ngati abwana anu alola kuti ofesi itsegulidwe.