Yankho kwa achemwali pa matenda a alamu

Achemwali, ndamva funso lanu lija, lakuti kodi matenda a vasculitis amene alamu anawapeza nawo ndi amene akuwachititsa kuvutika pokodza, kudzimbidwa komanso kuchepa mphamvu kuchipinda. Mwachita bwino kufunsa, ngakhale ndikudziwa kuti sizinali zapafupi kutchula zimenezi pagulu la abale.

Inde, n'zotheka ndithu. Matendawa amatupitsa mitsempha ya magazi, ndipo mtsempha ukatupa njira yake imachepa moti magazi safika mokwanira kumene akufunika. Minyewa yonyamula uthenga m'thupi nayonso imadalira timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, ndiye timeneti tikatsekeka, uthenga wopita ku chikhodzodzo, ku matumbo ndi ku ziwalo zobisika umasokonekera. N'chifukwa chake munthu amatha kuima nthawi yaitali mkodzo ukungodontha, koma pobwerera kukagona n'kumamvabe ngati sanamalize. Mtundu wotchedwa polyarteritis nodosa umathanso kupweteketsa mavalo, pamene wa Behçet umatulutsa zilonda mkamwa ndi kumaliseche, zimene anthu sapatsirana pogonana. Ndatchula dala zimenezi chifukwa zimandiwawa kuona banja likukayikirana pa chinthu chimene chabwera ndi matenda.

Mankhwala nawo ali ndi mbali yake. Cyclophosphamide amatha kusupula mkati mwa chikhodzodzo mpaka mkodzo kutuluka ndi magazi, n'chifukwa chake madokotala amalimbikitsa kumwa madzi ambiri ndipo nthawi zina amaonjezera mankhwala oteteza otchedwa mesna. Cyclophosphamide amathanso kuchepetsa mphamvu yobereka, choncho ngati mukufunabe mwana, adokotala adziwe msanga. Prednisolone amakweza shuga, zimene zimakodzetsa pafupipafupi, koma chonde alamu asasiye kumwa mwadzidzidzi paokha, chifukwa kutero n'koopsa.

Pali zina zosafunika kudikira tsiku la sikelo yawo. Mkodzo ukatsekeka kapena ukafiira, chimbudzi chikakhala chakuda bii kapena cha magazi, m'mimba mukamapweteka kwambiri makamaka akangotha kudya, kapena pakati pa miyendo pakachita dzanzi, muthamange nawo kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti impso, matumbo kapena minyewa zingakhale zikuonongeka.

Ndikupempha kuti mulembe papepala tsiku limene vuto lililonse linayamba ndi mankhwala onse amene akumwa, ndipo ngati alamu avomera mukalowe nawo limodzi kwa adokotala, kuti la kuchipindalo akachita nalo manyazi inu mukalitchule.